Khutu la Ng'ombe pa Pampu ya Oyilo

Amene adandilakwira kwambiri pa moyo wanga ndi msuweni wanga Yonasi, mwana wa amalume anga a Filimoni. Adandibera pampu ya oyilo imene ndidakonza ndi manja angawa, ndipo injini itafa adauza bambo ake kuti waipha ndine. Zaka ziwiri ndidayenda ndi dzina loti Chiphainjini, kuyambira ku Mlangeni mpaka pa Nsipe, moti ngakhale amayi ogulitsa kabichi ankandipatsa moni ndi dzina limenelo. Inde, ana inu, ndi Yonasi yemwe uja ali pa chithunzi cha ukwati wa bambo anu, atandikoleka dzanja paphewa ngati sitidayambanepo. Musavutike kukamufunsa, adatsogola kale. Ndati ndilembe ndekha nkhaniyi chifukwa azakhali anu akamaifotokoza amaikometsera mpaka ine Eliya, mwini wake, ndimalephera kudzizindikira.

Zolembazi zikakhota musaseke. Sukulu ndidaisiyira mu Sitandade 2. Aphunzitsi adandikwapula m'manja chifukwa cha sileti imene adaswa ndi mnzanga, ine n'kutenga yangayo, kuiswa pamaso pawo, ndi kuwauza kuti tsopano andimenye pa chifukwa chenicheni. Ndidatuluka osabwereranso. Umo ndi momwe ndidaliri. Inu mukundidziwa ndili nkhalamba yoseka ndi nkhuku pakhonde, koma ndili mnyamata mtima wanga udali ngati udzu wa mwezi wa Okutobala, kamoto pang'ono basi tchire lonse lapita. Iwe Madalitso, ukamamenyetsa chitseko cha minibasi yako ija okwera akakuyankha mwano, usamadabwe kuti udatengera yani.

Nditasiya sukulu bambo adandipatsa ng'ombe kuti ndiziweta. Masiku amenewo kunalibe zomata manambala m'makutu. Khola lililonse linkadula khutu m'njira yakeyake, ndipo lathu linkadula timipata tiwiri kunsonga ya khutu lamanzere, kena kakakulu, kena kakang'ono. Ng'ombe ikasochera mpaka ku Kandeu, munthu ankangogwira khutu n'kudziwa kwawo. Bambo ankati chinthu chako ukachisiya chopanda chizindikiro usadzalire chikapeza mwini wina. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Amalume a Filimoni adakhalitsa ku Joni, m'migodi. Pobwera sadachite ngati anzawo amene ankafika ndi galamafoni ndi suti zitatu, mvula ziwiri zikagwa n'kuyamba kugulitsa chimodzichimodzi. Iwo adagula malole awiri otsala kunkhondo, amene boma la atsamunda linkagulitsa nkhondo yachiwiri itatha. Onse adali amtundu umodzi, injini zofanana ngati mapasa. Yooneka bwinoko tidaitcha Namwali, ndipo ankayendetsa ndi Yonasi. Yotopayo tidaitcha Kamba, ndipo ankayendetsa ndi a Gibisoni, bambo wachikulire amene adaphunzira zamagalimoto ku usilikali. Ntchito idali kutsika ndi mbatata ya kachewere kuchokera ku Mlangeni kupita ku sitima ku Balaka, pobwerera n'kukwera ndi mchere, malata, palafini ndi nsalu za m'masitolo.

Ine ndidalowa pabwalo la amalume ngati wokweza matumba, koma maso anga ankangokhala m'boneti. A Gibisoni adaona zimenezo. Sankalankhula zambiri. Ankandipatsa chitsulo m'manja n'kundiuza kuti nditsinzine, ndinene pamene chadyeka. Ndikalakwa ankandigogoda ndi chala pamphumi, ndipo ndi munthu yekhayo padziko amene ankandigogoda ine osabwezera. Patapita zaka zinayi ndidali nditatha kumasula injini yonse, kuiyala pa chiguduli, ndi kuibwezera osatsala bawuti ngakhale imodzi.

Inu mumangopotokola kiyi galimoto n'kulira. Ife tinkaliza ndi handulo, chitsulo chokhota chimene tinkalowetsa kutsogolo n'kupukusa ndi mphamvu zonse. Ukaika chala chachikulu molakwika, injini ikabweza, dzanja linkathyoka. Msewu udali wafumbi, wa mabampu ngati malata, ndipo pofika ku Balaka nonse munkakhala ofiira, mano okha oyera. Koma kudali zokoma zakenso. Tinkamanga mbatata m'waya n'kuikoleka pa paipi ya utsi pochoka ku Mlangeni, pofika pa Nsipe yapsa bwinobwino, kungoisenda n'kuthira kamchere. Tchipisi chanu cha m'mapepala chija sichingafikeko. Ku Balaka kudali mayi wina wophika thobwa lamawere lomwe ukamwa chipanda chimodzi unkaiwala kuti kunja kuli dzuwa. Koma ndasochera, tibwerere kwa Kamba.

Vuto la Kamba lidali chitunda. Kuchoka pa boma pa Ntcheu kukwera kumtunda kwathu, atasenza mchere, ankayenda moti mayi wosenza nkhuni ankatipitirira, kutipatsa moni, n'kukafika ife tisadafike. Amalume zidawatopetsa. A Gibisoni adati kunkhondo adaonako momwe ankaonjezera mphamvu malole oterewa, ndipo amalume adavomera. Tidatumiza hedi, chitsulo chovundikira pamwamba pa injini, ku Limbe kuti akaipale pang'ono, tidaika kabuleta yaikulu yomwetsa petulo wambiri, kenaka tidachotsa gavanala, kachipangizo kamene kankaletsa injini kuthamanga kupyola muyeso. Tsiku loyamba Kamba adakwera chitunda chija akubangula, n'kumupeza Namwali pakati pa phiri. Pomupitirira, a Gibisoni adavula chipewa chawo n'kumuweyulira Yonasi mwaulemu wonse. Anthu a m'mbali mwa msewu adaseka mpaka kugwira m'mimba. Yonasi sadaseke.

Koma mphamvu ili ndi mtengo wake. Patsogolo pa dalaivala padali geji ya oyilo, kagalasi kokhala ndi muvi. Muviwo ukaima chilili, ndiye kuti oyilo akuyenda bwino m'mitsempha ya injini. Ukagona, imitsa galimoto msanga. Patangotha milungu itatu, muvi wa Kamba udayamba kugona injini ikatentha pachitunda. A Gibisoni ankaima kawiri katatu kudikira kuti izizire, ndipo mphamvu tidaonjezera zija zinkathera pansi pa mitengo.

Ndidagona pansi pa lole, kumasula sampu, beseni lachitsulo limene oyilo amakhalamo kunsi kwa injini, n'kutulutsa pampu. Ana inu, pampu ya oyilo ndi kanthu kochepa, kokwana m'manja awiri, koma ndiwo mtima wa injini. M'kati mwake muli magiya awiri okha, mano ake olowana ngati zala za munthu amene akupemphera. Akamazungulira amatunga oyilo m'sampu n'kumukankhira konse kumene zitsulo zikukhudzana. Magiya a Kamba adapangidwira injini yoyenda modekha, ya gavanala. Ife tidaithamangitsa, mtima n'kuusiya wakale womwewo. Mano adali atadyeka mbali imodzi, ndipo dzino limodzi lidali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Nditapalapo ndi tupa, tupayo idaluma mosavuta. Chitsulo chidali chofewa.

Yonasi adati tingothira oyilo wolimba wa m'giyabokosi, muvi udzuka. Ambiri ankachita zimenezo. Ndidamuyankha kuti kumeneko n'kumwetsa wodwala phala lolimba kuti aoneke wonenepa, ndipo tidatsala pang'ono kugwirana malaya. Amalume adatilekanitsa, n'kundifunsa chimene ndikufuna. Ndidati andipatse masiku, ndipite ku Limbe.

Ndidakwera sitima ndi magiya akalewo m'thumba la kabudula. Masiku atatu ndidakhala ndikufukula milu ya zitsulo zotayidwa kuseri kwa magalaja, ndikudya chinangwa chootcha, ndikuyerekeza giya lililonse ndi anga aja. Tsiku lachitatu ndidapeza injini ya thalakitala yakufa, ya zokonzera misewu zija. Magiya a pampu yake adali ofanana ndi athu m'mimba mwake ndi kuchuluka kwa mano, koma adali aatali kuposa athu ndi theka la chala. Nditapalapo ndi tupa, idangotsetsereka ikulira, osasiya ngakhale kachipsera. Ndidakhala pansi pomwepo pa zitsulo zadzimbiri n'kuseka ndekha ngati wamisala. Chitsulo cholimba sichingadyeke, ndipo mano aatali amatunga oyilo wambiri pa kuzungulira kumodzi. Ndi zimene Kamba ankasowa.

Ntchito yeniyeni idali kunyumba. Magiya aatali sangalowe m'nyumba yaifupi, chivundikiro sichingatseke. Ndidayenera kusema kambale kachitsulo kokhala pakati pa pampu ndi chivundikiro chake, kokhuthala ndendende ngati msinkhu umene magiya adaonjezera. Kudalibe makina. Ndidadula ndi sowo, kuboola ndi chiboolero chopukusa pamanja, kusalaza ndi tupa, kenaka kukapera pa chidutswa cha galasi la galimoto ndi phala la mchenga wosalala, kuzunguliza, kuzunguliza, milungu iwiri yathunthu. Zala zidatuluka matuza mpaka matuzawo adatopa. Poyesa mpata tinkagwiritsa pepala lopichirira fodya. A Gibisoni adati pakati pa giya ndi chivundikiro pazilowa pepala limodzi, awiri akalowa oyilo azithawira pomwepo, likakanika kulowa magiya agwirana. Kawiri ndidapyoza muyeso n'kuyambiranso. Kachiwiriko ndidaponya kambaleko patsindwi la shedi, ndipo a Gibisoni adangondilozera makwerero.

Nditamaliza, adandiuza kuti ku usilikali munthu aliyense ankaika chizindikiro pa ntchito yake, kuti zikalakwika asakwapulidwe wosalakwa. Pa magiya sipakadalembeka kanthu, adali olimba kwambiri. Ndiye ndidatenga tupa n'kudula m'mphepete mwa kambale kaja timipata tiwiri, kena kakakulu, kena kakang'ono. Khutu la ng'ombe za bambo anga. A Gibisoni okha ndiwo adaona, ndipo adaseka kuti tsopano pampu yalowa m'khola.

Tidaidzaza girisi kuti ikoke oyilo msanga, kuimanga, n'kupukusa handulo. Muvi udadzuka n'kuima njo. Tidakwera chitunda ndi matumba a mchere odzaza mpaka pamwamba, dzuwa lili paliwombo, muvi osagwedezeka. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Apa ndi pamene ndidalakwa ine, ndipo ndikufuna mumve bwino, chifukwa azakhali anu mbali imeneyi amaidumpha. Ndidadzitukumula. Ndikuona a Gibisoni akuponyabe diso pa geji mwachizolowezi chawo, ndidawauza kuti muvi umenewo auiwale, apachikepo chipewa. Pamwamba pa gejipo padali kachitsulo kotuluka. Nkhalamba ija, pofuna kundisangalatsa, idapachikadi chipewa pomwepo, ndipo chidasanduka malo ake a masiku onse.

Mvula ili pafupi kuyamba, azakhali anga, alongo awo a bambo, adamwalira ku Kandeu. Ndidakhalako mpaka tsiku lometa. Sabata imeneyo Kamba adangoima pabwalo chifukwa a Gibisoni adali chigonere ndi malungo. Zimene zidachitika ndidadzazidziwa patapita zaka ziwiri, koma ndikuuzeni pano kuti musasokonezeke. Chipewa chimene adamuweyulira pachitunda chija chidamupweteka Yonasi mumtima. Mwakabisira adachotsa gavanala wa Namwali, ndipo muvi wake nawo udayamba kugona. Kundipempha ine sakadatha, ankati angagwadire bwanji mwana wa Sitandade 2. Ndiye adamasula masampu onse awiri n'kusinthanitsa mapampu. Sadafune kupha lole ya bambo ake ayi. Ankaganiza kuti a Gibisoni ndi munthu wosamala, akaona muvi ukugona adzaima monga kale, anthu n'kungoti pampu ya Eliya yatha mphamvu. Za chipewa chopachika pa geji sadaziganizire.

Ulendo woyamba a Gibisoni atachira, Kamba adakwera chitunda atasenza mchere. Pakati pa phiri injini idayamba kugogoda, ndipo asadachotse n'komwe phazi idauma gwa. Kunoka kumene mumanena masiku ano. Ngati kuti zimenezo sizidakwane, mvula yoyamba idasankha masana omwewo. Tenti idali yong'ambika. Mchere wa masitolo asanu udasungunuka n'kutsika ndi msewu ngati mtsinje wa mkaka, ndipo akuti sabata yonse ng'ombe ndi mbuzi za m'midzi imeneyo zinkakana kupita kudambo, zili kalikiliki kunyambita msewu. Lero ndimaseka. Tsiku limenelo sindidaseke.

Namwali adamukoka Kamba mpaka pabwalo. Anthu adasonkhana ngati pamaliro. Amalume adaima poteropo, manja kumbuyo. Ndipo Yonasi adalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Bambo, mumayembekezera chiyani? Mtima wa thalakitala m'chifuwa cha lole, wosoka wake munthu woswa masileti."

Sipanala idali m'manja mwanga. Ndidaiponya. Mulungu adandikonda, idamuphonya n'kukaswa nyali ya Namwali. Ndidamugwira pakhosi, anthu anayi n'kundikanganula, ine ndikutukwana mawu amene sindingalembe m'buku limene mudzawerenge inu. Amalume adadikira kuti ndithe mpweya, kenaka adati mawa m'mawa ndimasule sampu tonse tione chimene chachitika. Mukumva, ana inu? Mabawuti khumi ndi anayi okha ndiwo adali pakati pa ine ndi choonadi. Ndikadagona pansi pa lole ija theka la ola, ndikadaona kuti pampu si yanga. Koma ine ndidamva ngati amalume akundikayikira. Ndidawauza kuti amasule okha ndi mwana wawo wophunzirayo, n'kutola jekete langa ulendo.

A Gibisoni adanditsatira kwathu kawiri konse kudzandipempha kuti ndikangoyang'ana. Ulendo wachiwiri ndidabisala m'nkhokwe. Ndiye Yonasi ndi amene adatsitsa injini, ndi amenenso adaiperekeza ku Limbe. Amakaniko akumeneko, osadziwa kuti m'menemo mudayenera kukhala pampu yotani, adangotumiza mawu oti magiya a pampu adathyoka mano. Mlandu udathera pomwepo. Ine ndemwe ndidakhulupirira. Chimene chinkandiwawa koposa dzina lija chidali chimenecho: ndinkagona ndikuwerenga m'mutu pamene ndidalakwitsa, kaya ndi pepala la fodya, kaya chitsulo chidali cholimba kwambiri mpaka kuphweka ngati galasi. Manja anga ndidasiya kuwakhulupirira.

Palibe adandilolanso kukhudza injini. Mwini chigayo wa ku Mlangeni atandiona ndikusuzumira pakhomo adazimitsa chigayo, ati mpaka ndidutse. Ndidabwerera kumunda. Ndinkalima kachewere, n'kumakonza njinga, mapulayimasi ophikira ndi makina osokera, zinthu zopanda oyilo woti n'kuthawa.

Koma musandimvere chisoni kwambiri, chifukwa zaka zimenezo ndi zimene ndidapeza agogo anu a Nangozo. Adabwera ndi makina osokera a mayi awo atawasenza pamutu, n'kundifunsa ngati ndine wopha magalimoto uja, ndipo ngati ndimaphanso makina ndinene msanga abwerere nawo. Ndidatsegula pakamwa kuti ndikalipe, n'kupeza akuseka ndi maso. Titakwatirana adandiikira lamulo limodzi. Adati ndikapsa mtima ndisayankhe munthu ndisadalime mzere umodzi, ndikamaliza mzerewo ndibwere ndidzanene zonse zimene ndikufuna. Chaka chimenecho munda wathu udali waukulu kuposa wa aliyense m'mudzi, ndipo apongozi ankanditama kuti ndine mkamwini wakhama. Agogo anu ankangoyang'ana kumbali.

Tsopano tifike pa Nsipe. Idali nyengo yokumba mbatata, chaka chachiwiri, tsiku lamsika. Ndidali nditayala zida zanga pansi pa mtengo wa mango ndikumata machubu a njinga. Chakum'mawa ndithu ndidamva kulira kwa injini imene ndikadaizindikira ngakhale ndili m'manda. Namwali adatulukira akuthamanga, atasenza mbatata, ndipo potsika pa kakhwawa kouma kamene kadali pafupi ndi msika adagunda mwala ndi mimba. Oyilo adayamba kuchucha. Yonasi adazimitsa injini msanga, pamenepo ndimuyamikire. Amalume adatsika mbali inayo, atavala jekete lawo la ku Joni. Mbatata idayenera kupeza sitima ya madzulo ku Balaka, ndipo sitima sidikira munthu.

Anthu adayamba kuloza kwa ine, ena moseka. Amalume adandiyang'ana nthawi yaitali. Zaka ziwiri tinkangopatsana moni wa kutchalitchi. Yonasi adati ayi, wina aliyense koma osati uyo, ndi bwino atumize munthu pa njinga kukaitana makaniko ku boma. Adalimbikira mpaka thukuta, ndipo ine ndidaganiza kuti ndi chidani chabe. Amalume adayang'ana dzuwa, n'kubwera pansi pa mango paja.

"Eliya, sampu yokha. Umate bowo, usakhudze china."

Mawu akuti usakhudze china adandilasa, koma ndidatola masipanala. Tidakhetsera oyilo wotsala m'ndowa, ndidayala chiguduli, n'kulowa pansi. Mabawuti khumi ndi anayi. Sampu itatsika ndidapukuta maso, n'kuyang'ana m'mwamba. Pampu idali pomwepo, ikudontha oyilo. Pakati pa iyo ndi chivundikiro chake padali kambale. Ndidapititsa chala m'mphepete. Kampata kakakulu, kampata kakang'ono.

Ana inu, mapazi a Yonasi adali pafupi ndi mutu wanga, atavala nsapato zofiirira, akupondaponda. Sipanala yaikulu idali m'dzanja langa lamanja. Akakolo ake ndinkawaona bwino lomwe. Pa Nsipe ndidalibe munda, ndidalibe khasu. Ndiye ndidati mzere wanga wa lero ukhala sampu imeneyi. Ndidatuluka osayang'ana munthu kumaso, kupita nayo kwa mmisiri wokhoma zidebe wa pamsikapo, kuitsuka ndi palafini ndi mchenga, kuwongola pobinyirapo, kudula chigamba cha lata, ndi kumata ndi mtovu mozungulira. Ndidathiramo madzi kuyesa, osadontha. Ntchito ya ola limodzi. Kenaka ndidabwerera nayo ku lole.

Ndidalowanso pansi, ndipo apa ndidaswa lamulo la amalume. Ndidamasula mabawuti anayi a chivundikiro cha pampu. Ndinkafuna kuona. Magiya anga adali mbuu, mano onse athunthu, akuthwa m'mphepete ngati tsiku lomwe ndidawatola ku Limbe. Zaka ziwiri pansi pa phazi la Yonasi, munthu woyendetsa ngati akuthawa njuchi, wopanda gavanala, chitunda chomwe chija kukwera ndi kutsika, ndipo sadadyeke ngakhale pang'ono. Ndikuuzeni zoona, mkwiyo udandithawa. Ndidagona chagada pa chiguduli, oyilo akundidonthera pamphumi, ndikumwetulira ngati munthu amene wapeza ng'ombe yake yotayika ili yonenepa, ili ndi mwana. Manja anga sadalakwe. Pepala limodzi la fodya lidali lokwana.

Ndidabwezera chivundikiro, n'kuitana amalume kuti adzandigwirire kena kake. Adadandaula za jekete, koma adagwada, n'kukwawa, mpaka tidagona phewa ndi phewa. Ndidatenga chala chawo n'kuchiyendetsa m'mphepete mwa kambale kaja.

"Amalume, khutu ili mukulidziwa?"

Adayendetsa chala kawiri. Ng'ombe zinayi za khutu limenelo zidalowa m'khola mwawo pamene bambo ankalowola mayi anga, ndipo adaziweta okha asadapite ku Joni. Kenaka adati, "Ng'ombe ya kwa alamu anga iyi. Yalowa bwanji m'khola muno?" Ndidawauza kuti imeneyo ndi pampu imene akuti idathyoka mano ku Limbe, ndipo za momwe idayendera afunse woyendetsa.

Tidamanga sampu, kusefa oyilo pa kansalu, kuonjezera wina wa m'chigubu, ndipo handulo ndidapukusa ndekha. Injini idalira, muvi udadzuka n'kuima njo. Amalume sadakalipe. Adaimirira pakati pa anthu onse aja, jekete lili oyilo yekhayekha, n'kumufunsa Yonasi motsitsa mawu ngati adasinthanitsa mapampu sabata ya maliro a ku Kandeu. Yonasi adayang'ana nsapato zake n'kuvomera. Kenaka amalume adatembenukira kwa anthu, n'kunena kuti aliyense amene adamva kuti mwana wa mlongo wawo adapha injini akauze amene adamuuzayo kuti lidali bodza, ndipo bodzalo lidachokera m'nyumba mwawo.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Ndidabwerera pabwalo, ndipo a Gibisoni adandilandira ndi kundigogoda pamphumi katatu, ati kamodzi chifukwa cha sipanala, kamodzi chifukwa cha nkhokwe, kamodzi chifukwa cha chipewa. Onse atatu adali oyenera. Ndidapitanso ku Limbe kukasaka magiya ena, Kamba adayendanso zaka zambiri, ndipo kuyambira pamenepo palibe dalaivala wanga amene ndidamulola kuphimba geji, ngakhale pampu ndaimanga ndekha. Mwini chigayo uja adadzanditenga ndi njinga yake kuti ndikamukonzere chigayo. Yonasi adabwera kwathu ndi tambala woyera m'khwapa, agogo anu n'kumuphika, tidadyera m'mbale imodzi. Chisuweni chidabwerera, ndipo mpaka ukalamba ndikamuona ndinkamufunsa ngati ng'ombe yanga ikudya bwino. Moyo wandikomera, ana inu. Ndadya za manja anga, ndipo mwa inu nonse palibe amene adaswa sileti.

Koma ndikudziwa chimene mukudikira. Iwe Madalitso ukufuna kumva ngati ndidamumenya. Anthu a pa Nsipe nawonso ankadikira zomwezo, adali atapanga kale bwalo, amayi atakokera madengu awo kutali. Yonasi adali ataima pafupi ndi chitseko cha Namwali, nkhope ili pansi, mapewa atakwera ngati munthu woyembekezera chibakera. Ndidapukuta manja pa chiguduli, chala chimodzichimodzi, n'kupita kukaima pamaso pake mpaka adadzutsa mutu. Ndidamutsegulira chitseko ndekha.

"Kwerani, asuweni, sitima ingakusiyeni. Pampuyo musaichotse, ndakupatsani. Zaka ziwiri mwakhala mukundichitira umboni osadziwa, ndipo palibe akadaiyesa bwino kuposa inu. Koma pa chitunda chilichonse muziyang'ana muviwo. Mukauona waima, muzidziwa kuti amene akukukankhani kumbuyo ndi Chiphainjini."